Lipoti la wodwala: mayi wa shuga amene mtsempha wa mtima unatsekeka pachifuwa posawawa

Lipotili ndi la mayi wa zaka 62, wodwala shuga kwa zaka 11, amene anafika pachipatala chathu patatha maola pafupifupi 40 mtsempha waukulu wodyetsa mtima utatsekeka, nthenda imene m'mafayilo timailemba kuti myocardial infarction kapena MI. Anapulumuka, koma mtima unatsala wofooka. Ndalembera makamaka anzanga a m'zipatala zazing'ono ndi za m'maboma, kumene odwala otere amayamba kufikira. Mayiwa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo dzina ndi kwawo ndazisiya dala.

Mbiri ya wodwala

Mayiwa amagulitsa nsomba zouma pamsika. Ndi amasiye, amakhala ndi mwana wawo wamkazi, ndipo wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg. Fodya sasuta, mowa samwa. Pasikelo anakwana makilogalamu 78. M'buku lawo la kuchipatala munali metformin 500 mg kawiri patsiku, glibenclamide 5 mg kawiri patsiku, onsewa a shuga, ndi hydrochlorothiazide 25 mg wa BP. Shuga wa m'mawa asanadye ankasewera pakati pa 9 ndi 14 mmol/L. Masamba onse a bukulo anali odzaza ndi nambala za shuga, koma panalibe pamene panalembedwa kuti impso, mkodzo kapena mapazi zinayezedwapo, ndipo mankhwala otsitsa mafuta m'magazi a gulu la statin anali asanawalandirepo. Kwa zaka zitatu ankamva dzanzi kumapazi. Mwa mawu awo: "Mapaziwa amakhala ngati si anga, pena silipasi imavuka ine osadziwa."

Lachiwiri m'mawa akuyala nsomba anamva kulemera m'mimba chapamwamba, mseru, thukuta lozizira ndi kufooka kwa thupi lonse. Pachifuwa sipanawawe, ngakhale kumkono kapena kunsagwada. Anaganiza kuti ndi chilungulira poti dzulo lake anadya mbatata ndi nyemba. Masana anapita kuchipatala chaching'ono cha kwawo. Malungo sanapezeke. BP inali 150/90, shuga 21 mmol/L, amene pamakina owerenga mg/dL ndi 378. Anapatsidwa omeprazole wa chilungulira, glibenclamide anakwezedwa kufika 10 mg kawiri patsiku, n'kuuzidwa kuti achepetse nsima ndipo abwerenso sabata ya mawa.

Anzathu a pachipatala chaching'onocho sindikuwada. Makina a ECG, opimira kagundidwe ka mtima, alibe, ndipo mzere wa odwala umafika panja. Koma nambala ya 21 ija inaoneka ngati yafotokoza zonse, kufooka, mseru ndi thukuta lomwe, ndiye mafunso anathera pomwepo. Chonsecho shugayo anakwera chifukwa cha mtima. Thupi likakhala pangozi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, zimene zimakankhira shuga m'mwamba. Munthu amene shuga wake amasewera pa 11, lero n'kupezeka ali pa 21 asanasinthe kadyedwe kapena kudumphitsa mankhwala, pali china chikumutsitsa mphamvu mkati, ndipo mwa munthu wa zaka zimenezi mtima uyenera kuganiziridwa limodzi ndi chibayo ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Lachitatu anagonera m'nyumba tsiku lonse. Pakati pa usiku analephera kugona chagada, anayamba kubanika ndi kutsokomola thovu. Mwana wawo anapeza galimoto ya hayala n'kubwera nawo kwathu.

Zimene tinapeza

Anafika ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, manja ndi mapazi zili zii. BP 104/68, mtima ukugunda ka 112 pamphindi, kupuma ka 28, mpweya m'magazi 88%. Thupi silinali lotentha. Mitsempha ya m'khosi inali yotukuka, ndipo madzi ankamveka m'mapapo onse awiri kufika chapakati pa msana. M'mimba munali mofewa, posawawa pokanikiza. Kumapazi sankamva kukhudza kwa monofilament, kaulusi koyezera ngati phazi likumva, ndipo kugunda kwa mtsempha wa pamwamba pa phazi lamanzere kunali kofooka kwambiri.

ECG inasonyeza ma Q wave kuyambira V1 mpaka V4, ST itakwera pa V2 mpaka V5, chizindikiro cha mtsempha wotsekeka. Ma Q wave amenewa anatiuza kuti mbali ya kutsogolo kwa mtima inali itafa kale. Troponin, chizindikiro cha m'magazi chakuti mnofu wa mtima wavulala, anapezeka. Shuga anali 24 mmol/L, HbA1c (muyeso wa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) 10.4%, creatinine (imene imakwera impso zikafooka) 148 µmol/L, kutanthauza eGFR (muyeso wa mphamvu ya impso) ya pafupifupi 34, potassium 4.6, sodium 134, hemoglobin 11.8. Mumkodzo munali protein ++, ma ketone (asidi amene thupi limapanga insulini ikasowa) ochepa zedi. Kachirombo ka HIV analibe. Pounika mtima ndi sikani ya pabedi, khoma la kutsogolo ndi nsonga ya mtima sizinkasuntha, ejection fraction, gawo la magazi limene mtima umapopa pa kugunda kulikonse, inali pafupifupi 30%, ndipo magazi oundana m'kati mwa mtima sanaoneke.

Tinalemba kuti: MI ya kutsogolo kwa mtima yofika mochedwa, madzi m'mapapo pa mlingo wa Killip III (muyeso wa kufooka kwa mtima pa MI), shuga wa mtundu wachiwiri wosalamulirika, wokhudza kale impso ndi minyewa ya kumapazi.

Maola oyamba

Tinawakhazika chotsamira, tinawapatsa okosijeni, furosemide 40 mg mumtsempha wochotsa madzi m'thupi, asipirini 300 mg wotafuna, clopidogrel 300 mg, enoxaparin molingana ndi kulemera kwawo, atatuwa oletsa magazi kuundana, ndi atorvastatin 80 mg wa gulu la statin. Clopidogrel ndi atorvastatin achibale anakagula kufamase kutacha. Nitrate, wotsegula mitsempha amenenso amatsitsa BP, sitinapereke poti BP inali m'munsi kale.

Streptokinase tinali naye, koma sitinamugwiritse ntchito. Mankhwala osungunula magazi oundanawa amathandiza kwambiri m'maola oyambirira, phindu lake limanka licheperachepera, ndipo pakadutsa maola 12 chotsala ndi chiopsezo cha kutaya magazi basi. Kafukufuku wa ISIS-2 wa mu 1988, wa odwala 17,187, anasonyeza kuti asipirini yekha amachepetsa imfa za m'masabata asanu oyamba ndi 23%, streptokinase yekha ndi 25%, ndipo awiriwa pamodzi ndi 42%. Mayiwa akadapimidwa ECG Lachiwiri masana, akadakhala m'gulu lopindula ndi zonse ziwiri. Pali anzathu ena amene amaopabe kupereka streptokinase kwa munthu wa shuga poganiza kuti magazi atuluka m'maso ngati shuga anawononga kale mitsempha ya m'diso. Zimenezi sizichitikachitika, ndipo si chifukwa chomumanira wodwala mankhwalawa.

Mkangano weniweni usiku umenewo unali pa shuga. Tikaona 24 dzanja limathamangira diripi ya normal saline, poti ndi momwe tinaphunzirira pa DKA (shuga wokwera wodzaza ma ketone m'magazi) ndi pa shuga wokwera wouma naye thupi. Apa mapapo anali odzaza kale, ma ketone anali ochepa zedi, ndipo lita imodzi yokha ikadawamiza. Diripi sitinaike. Metformin tinaimitsa chifukwa mpweya wochepa m'magazi, BP yotsika ndi impso zofooka zikakumana ndi metformin, lactic acid amatha kuunjikana. Glibenclamide tinaimitsanso. Poti makina oyendetsera insulini pang'onopang'ono mumtsempha tilibe, tinayamba soluble insulin pansi pa khungu maola 6 aliwonse malinga ndi nambala, ndi isophane, insulini yogwira ntchito nthawi yotalikirapo, mayunitsi 10 usiku. Cholinga chinali shuga wa pakati pa 8 ndi 10, osati 5.

Chifukwa chosafunira 5 chili ndi mbiri yake. Mu 1995 gulu la Malmberg ku Sweden linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa DIGAMI: odwala shuga 620 a MI, theka lopatsidwa insulini ndi glucose mumtsempha kenako majakisoni angapo patsiku, theka lina chithandizo cha masiku onse. Patatha chaka, imfa zinali 18.6% kwa a insulini ndi 26.1% kwa enawo. Anthu anasangalala, koma DIGAMI 2 ya mu 2005, ya odwala 1,253, sinapeze phindu limeneli. Kenako mu 2009 NICE-SUGAR, ya odwala 6,104 a m'mawodi a odwala mwakayakaya, inapeza kuti amene shuga wawo ankakankhidwira pa 4.5 mpaka 6.0 anamwalira ambiri, 27.5%, kuyerekeza ndi 24.9% mwa amene ankangosungidwa pansi pa 10. Amenewo ndi mawodi a namwino mmodzi pa wodwala mmodzi kapena awiri, shuga akuyezedwa ola ndi ola. Kwathu namwino mmodzi usiku amayang'anira wodi yonse, ndipo timapepala toyezera shuga timachita kuwerenga.

Pofika masana a tsiku lachiwiri kupuma kunatsika, mpweya unafika 94% pa malita awiri a okosijeni, shuga ali pakati pa 9 ndi 12. Creatinine ndiyo inakwera, kufika 196 tsiku lachitatu, eGFR pafupifupi 25. Enoxaparin tinamusintha kukhala kamodzi patsiku, furosemide tinachepetsa.

Usiku wachitatu

Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha namwino akuzungulira anapeza mayiwa atakhala tsonga pabedi, maso ali tong'o, akufunafuna m'bulangete ati akusanja usipa. Ankayankha zosagwirizana. Sankanjenjemera, thukuta linali lochepa chabe pamphumi. Mwana wawo, amene anagona pansi pafupi ndi bedi, anati anayamba kubwebweta cha m'ma 1 koloko, iye n'kumayesa ndi tulo. Shuga anali 2.8. Kugunda kwa mtima kunali kodumphadumpha, ndipo ECG inasonyeza ma ectopic a ventricle obwera awiriawiri, QT itatalika, zizindikiro zakuti kagundidwe ka mtima kangasokonekere moopsa.

Anapatsidwa dextrose 50%, madzi a shuga, mumtsempha ndipo pasanathe mphindi khumi anazindikira mwana wawo n'kufunsa nthawi. Patatha ola limodzi ndi theka shuga anatsikanso kufika 3.4, chonsecho insulini ya usikuwo inali yochepa. Namwinoyo, amene wakhalitsa pantchito, sanafunse zambiri. Anapempha kuona chikwama.

"Achemwali, amayi mukuwapatsa mankhwala ena kupatula athuwa?"

"Ndi awo akale omwe aja, anesi. Anatiuza kuti asamadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndiye ndimawapatsa m'mawa ndi madzulo, awiriawiri monga anawonjezera muja."

M'kathumba ka pulasitiki munali glibenclamide. Kwa mwanayo, zimene ankachita zinali chisamaliro: kwa zaka 11 banja lonse lakhala likumva kuti mapiritsi a shuga sasiyidwa. Panalinso china. Mayi wa pabedi loyandikana anawauza kuti nsima ndi imene yawagoneka m'chipatala, ndiye kwa masiku awiri ankangodya masamba owiritsa ndi tiyi wopanda kanthu.

Glibenclamide amachoka m'thupi mochedwa, ndipo zotsalira zake, zimene zimatsitsabe shuga, zimadalira impso kuti zituluke. Pa eGFR ya 25 zimaunjikana, moti shuga amatha kumatsikatsika kwa tsiku lonse kapena awiri. N'chifukwa chake pamndandanda wa mankhwala ofunikira wa World Health Organization analembapo kuti glibenclamide si woyenera kwa anthu opitirira zaka 60, ndipo m'malo mwake anaikapo gliclazide. Mankhwala othetsa vutoli mwachindunji ndi octreotide, amene tilibe. Tinatsala ndi dextrose 10%, chonsecho diripi ndi imene tinkaikana usiku woyamba. Tinaiyendetsa pa 40 ml paola, tikumvetsera mapapo pafupipafupi ndi kuwonjezera furosemide pang'ono, insulini titaimitsa, phala likuperekedwa maola atatu aliwonse usiku ndi usana. Potassium anali atatsika kufika 3.4 ndipo tinamubwezera mosamala poona impso. Shuga anakhazikika patatha maola 30.

Mwa zonse zimene zinachitika m'wodi, apa ndi pamene mayiwa anayandikira kwambiri imfa, kuposa usiku wa shuga wa 24. Shuga akatsika thupi limatulutsa adrenaline wambiri, mtima umathamanga ndi kufuna mpweya wochuluka, potassium amalowa m'maselo, QT imatalika. Mtima wabwino umapirira. Mtima wa chilonda cha masiku asanu ungathe kulowa mu ventricular fibrillation, kunjenjemera kwa mtima kosapopa magazi, wodwala ali m'tulo, m'mawa n'kulembedwa kuti wamwalira ndi MI, shuga osayezedwa n'komwe. Ndipo minyewa yomwe inalephera kuwachenjeza Lachiwiri lija ndi imenenso inalephera kuwanjenjemeretsa usiku umenewu.

Kuchira ndi kutuluka

Creatinine inayamba kutsika tsiku lachisanu. Tsiku la 6 tinayamba enalapril 2.5 mg, tsiku la 8, mapapo atauma, carvedilol 3.125 mg kawiri patsiku. Ena amazengereza kupereka beta blocker ngati carvedilol kwa wa shuga poti amabisa zizindikiro za shuga wotsika. Amabisadi kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, ngakhale thukuta sabisa, koma kwa munthu wa ejection fraction ya 30% phindu lake ndi lalikulu kuposa vutolo. Chofunika ndi kuchotsa chimene chimatsitsa shuga mosayembekezereka, osati kumana mtima mankhwala ake.

Anatuluka tsiku la 12, creatinine ili 132, BP 108/70, akutha kuyenda m'khonde la wodi osabanika. Anapita ndi asipirini 75 mg, clopidogrel 75 mg, atorvastatin, enalapril 2.5 mg kawiri patsiku, carvedilol, furosemide 40 mg m'mawa, ndi isophane mayunitsi 12 m'mawa ndi 6 madzulo. Hydrochlorothiazide ndi glibenclamide tinazikhwatcha m'buku ndi cholembera chofiira. Kwawo kulibe firiji, ndiye insulini amasunga m'kabotolo kotsekedwa bwino, m'mphika wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi. Za nsima tinakambirana mwanayo ali pomwepo: ya mgaiwa, chipande chimodzi chapakati, katatu patsiku chakudya osadumphitsa, ndiwo zamasamba zambiri, mchere pang'ono. Nsomba zawo zouma zina zimakhala zamchere kwambiri, ndiye tinagwirizana kuti aziziviika kaye. Thobwa lothira shuga ndi zakumwa za m'botolo asiye, koma masiwiti atatu aziyenda nawo pampango.

Pa sabata yachinayi potassium ali 4.4 tinawonjezera spironolactone 12.5 mg. Maziko ake ndi EPHESUS ya mu 2003, imene inapereka eplerenone, wa gulu lomweli, kwa odwala MI a ejection fraction ya 40% kapena kutsika, okhala ndi zizindikiro za mtima wofooka kapena shuga, ndipo imfa zinachepa ndi 15%.

Pa sabata ya 7 anabwereranso miyendo itatupa mpaka m'maondo, akugonera mapilo atatu, sikelo itakwera ndi makilogalamu anayi. Furosemide anali atatha masiku khumi m'mbuyomo ndipo ya thiransipoti inasowa. Bondo linkawawa, ndiye anagula indosidi pagolosale n'kumamwa kawiri patsiku. Creatinine inali 171, potassium 5.6. Mankhwala a ululu a gulu limeneli, indosidi, bufeni ndi diclofenac, amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amapanikiza impso, ndipo pamodzi ndi asipirini ndi clopidogrel amatha kutulutsa magazi m'mimba. Tinaimitsa spironolactone kwa kanthawi, tinachotsa madzi, ndipo anatuluka patatha masiku asanu ndi panado wa bondo.

Zimene shuga anachita pa mtima umenewu

Choyamba anachita ndi kubisa nthendayo. Shuga wa zaka zambiri amawononga minyewa yonyamula uthenga wa ululu kuchokera kumtima, monga amachitira kumapazi. Kafukufuku wa Canto ndi anzake wa mu 2000, wa odwala MI oposa 430,000 ku America, anapeza kuti mmodzi mwa atatu aliwonse anafika kuchipatala pachifuwa posawawa. Achikulire, amayi ndi odwala shuga ankapezeka mochuluka mwa iwo kuposa mwa ofika ndi ululu. Anachedwa kufika, anachedwa kulandira chithandizo, ndipo 23.3% anamwalirira m'chipatala, pamene mwa ofika ndi ululu wa pachifuwa anamwalira 9.3%. Mayi wathuyu anali m'magulu onse atatu. Dzanzi la kumapazi linali chizindikiro chokwanira kuti ululu wa mtima sungadaliridwe mwa iwo.

Koma ngakhale atafika msanga, wa shuga amakhalabe pambuyo. Donahoe ndi anzake mu 2007 anaphatikiza odwala oposa 62,000 a m'mafukufuku a gulu la TIMI, onse olandira chithandizo chamakono cha nthawi imeneyo. Pa MI ya ST yokwera, imfa za m'masiku 30 zinali 8.5% mwa a shuga ndi 5.4% mwa opanda shuga, ndipo pakutha pa chaka zinali 13.2% ndi 8.1%. Zifukwa zake zimadziwika. Mwa wa shuga mafuta samanga malo amodzi okha, amayala m'mitsempha iwiri kapena itatu, m'litali mwake monse, mpaka kunthambi zazing'ono. Timitsempha tolambalala potsekeka, timene mwa anthu ena timakula n'kupulumutsa mbali ya mtima, mwa iye sitikula bwino. Ma platelet ake, timaselo toyambitsa kuundana kwa magazi, amamatana msanga ndipo magazi oundana amavuta kusungunuka. Mtsempha waukulu ukatsegulidwa, magazi nthawi zina salowabe m'timitsempha ta m'kati mwa mnofu.

Chimene ndimaona kuti sitichilabadira mokwanira ndi mnofu wotsala. Mbali ina ya mtima ikafa, yotsalayo imayenera kugwira ntchito ya ziwiri. Mwa wa shuga mbali yotsalayo imakhala youma kale, yosatamuka bwino. Rubler ndi anzake anafotokoza za mtima wofooka wa odwala shuga opanda mitsempha yotsekeka mu 1972, ndipo ofufuza a ku Framingham mu 1974 anapeza kuti shuga amachulukitsa chiopsezo cha mtima wofooka kawiri mwa amuna ndi kasanu mwa akazi. N'chifukwa chake pa chilonda chofanana kukula, wa shuga ndi amene amadzaza madzi m'mapapo. Impso nazo zikakhala zokhudzidwa, mankhwala aliwonse othandiza mtima amabwera ndi malire: enalapril ndi spironolactone amakweza potassium, furosemide amakweza creatinine, enoxaparin amafuna kuchepetsedwa, ndipo mankhwala ounikira mitsempha pa angiography amatha kuzipweteka. Mlingo wa enalapril wa mayiwa mpaka lero sunafike pamene mabuku amafuna, chifukwa cha impso.

Za m'tsogolo, nambala imene ndimaikumbukira ndi ya Haffner ndi anzake ku Finland mu 1998. Pa zaka 7, MI inagwira 3.5% ya anthu opanda shuga amene anali asanadwalepo mtima, 18.8% ya opanda shuga odwalapo kale, 20.2% ya a shuga osadwalapo, ndi 45% ya a shuga odwalapo kale. Anthu akhala akutsutsana ngati shuga payekha amafananadi ndi MI yakale, koma pa 45 uja palibe mkangano, ndipo mayiwa ali mmenemo. Nambalazi ndi za nthawi imene ma statin anali asanafale, moti mankhwala amene akumwa akhoza kuitsitsa ndithu.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi chizolowezi cha makiliniki athu a shuga, kumene ulendo wonse umathera pa nambala ya pamakina. Kutsitsa shuga kumateteza maso, impso ndi minyewa, ndipo kafukufuku wa UKPDS anasonyeza kuti kukayambika msanga, munthu atangopezeka ndi shuga, phindu pa mtima limadzaoneka patatha zaka. Koma mwa munthu wa shuga wa zaka zambiri ndi mitsempha yowonongeka kale, ACCORD ya mu 2008 inaimitsidwa isanathe chifukwa amene ankakankhidwira ku HbA1c ya pansi pa 6% ankamwalira ambiri. Kwa mayiwa cholinga chathu ndi 7.5 mpaka 8%. Chimene chikuwasunga ndi asipirini, statin, enalapril, carvedilol ndi furosemide wosatha m'nyumba. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza shuga mwa 5.6% ya akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, ndi BP yokwera mwa pafupifupi mmodzi pa atatu aliwonse. Anthu amenewo tsopano akula, ndipo ambiri ali ndi mabuku ofanana ndi la mayiwa.

Mbali inanso ndi ya odwala MI amene sakudziwika kuti ali ndi shuga. Norhammar ndi anzake ku Sweden mu 2002 anayeza odwala MI 181 otere asanatuluke m'chipatala, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anapezeka ndi shuga, winanso mmodzi mwa atatu ali m'malire. Wodwala MI aliyense ayezedwe shuga, ndipo ngati n'kotheka HbA1c, poti ndi imene imasiyanitsa shuga wakale ndi wongokwera chifukwa cha ngoziyo.

Pachipatala chathu tsopano wodwala shuga wopitirira zaka 40 akabwera ndi ululu wa m'mimba chapamwamba, kubanika, kusanza, thukuta kapena kufooka kosadziwika chifukwa, amapimidwa ECG asanalandire mankhwala a chilungulira. Kumene kulibe ECG, munthu wotere apatsidwe asipirini 300 mg ngati palibe chizindikiro cha kutaya magazi, atumizidwe tsiku lomwelo. Mankhwala ochokera kunyumba amasungidwa ndi namwino mpaka tsiku lotuluka, gadiyani atafotokozeredwa chifukwa chake.

Mmene alili pano

Pa mwezi wachitatu creatinine inali 120, eGFR pafupifupi 44. Tinabwezera metformin 500 mg kawiri patsiku, theka la mlingo wonse, ndi spironolactone 12.5 mg. Mwana wa ku Johannesburg anayamba kutumiza empagliflozin 10 mg, mankhwala otulutsa shuga kudzera mumkodzo. Mu EMPA-REG OUTCOME ya mu 2015, ya odwala shuga 7,020 okhala ndi matenda a mtima ndi mitsempha, mankhwalawa anachepetsa imfa za mtima ndi 38% ndi kugonekedwa chifukwa cha mtima wofooka ndi 35%, ndipo mu 2021 analowa pamndandanda wa World Health Organization uja. EMPACT-MI ya mu 2024, imene inawayamba patangotha masiku ochepa MI itachitika, sinapeze kuchepa kwa imfa, ngakhale kugonekedwa chifukwa cha mtima wofooka kunachepa. Kwa mayiwa, amene ali ndi shuga, mtima wofooka ndi impso zotaya protein, chifukwa chowapatsira n'chokwanira. Atayamba, furosemide tinachepetsa kufika 20 mg ndi insulini ya madzulo kufika mayunitsi 4. Tinawauza kuti akadwala, akamasanza kapena kutsegula m'mimba, empagliflozin, metformin, enalapril ndi spironolactone aziimitsa n'kubwera msanga, komanso za ukhondo wa kumaliseche poti shuga wotuluka mumkodzo amabweretsa mauka.

Pa mwezi wa 6 ejection fraction inali pafupifupi 38%, HbA1c 7.9%, BP 112/70, potassium 4.8. Shuga sanatsikeponso pansi pa 4. Abwerera kumsika theka la tsiku, amayenda pamalo athyathyathya osavutika, pachitunda amapumira panjira. Dengu la nsomba amasenza ndi mdzukulu.

Mitsempha ya mtima sinaunikidwebe. Banja likufufuza za mtengo ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam ndi ku South Africa. Ndawauza kuti asapite ndi maganizo oti akangoikidwa stent, kachubu kotsegula mtsempha, n'kubwerako. Mwa wa shuga kawirikawiri mitsempha yodwala imapezeka ingapo, ndipo FREEDOM ya mu 2012, ya odwala shuga 1,900 otere, inapeza kuti pa zaka zisanu imfa, MI kapena sitiroko zinagwira 18.7% ya ochitidwa opaleshoni ya bypass, yolambalala mitsempha yotsekeka, ndi 26.6% ya oikidwa ma stent, ngakhale sitiroko inachuluka pang'ono kwa a opaleshoni. Ndalama za ulendowu zisachotsedwe pa za mankhwala a mwezi ndi mwezi. Clopidogrel apitiriza mpaka chaka chikwane. Creatinine ndi potassium tidzayezanso pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo ngati potassium ali pansi pa 5 tidzakweza enalapril kufika 5 mg kawiri patsiku. Kalata yokaunikitsa maso yalembedwa, ndipo phazi lamanzere lija tikuliyang'ana ulendo uliwonse.